Mutu 5: Mphika wa Mayi Ziegler

1. Nkhani yoyamba

Nelda Burkhart atakula adatchuka mu America monse chifukwa cha zolemba zake zoseketsa. Ankalemba m'nyuzipepala za tinthu ta tsiku ndi tsiku: kudikira sitima yochedwa, kuzonda wodwala wolongolola, kuvala nsapato zothina paukwati. Pambuyo pake adalembanso mabuku a nthano zazitali. Koma chaka chimene tikunenachi adali mtsikana wa kusekondale m'tauni yathu yaing'ono ya Corvin, ku Ohio, ndipo dzina lake lidali lisanaonekepo pa pepala losindikiza.

Lachinayi lina m'mawa, popita kusukulu, adapatukira ku ofesi ya nyuzipepala. Mwini wake adali Bambo Pruitt, munthu wamtali wosakonda kumwetulira. Iwo ndiwo ankatola nkhani, kusanja zilembo zamtovu chimodzichimodzi ndi dzanja, ndi kuyendetsa makina osindikizira. Nyuzipepala yawo inkatuluka Lachisanu lililonse.

Nelda atalowa, Bambo Pruitt adamupatsa pepala lalitali, inki isanaume.

"Nkhani yako ndi imeneyo. Ndadinda limodzi loyesera kuti uone ngati muli zolakwika," adatero. "Posanja dzulo ndinaseka kawiri. Akazi anga angakuuze kuti kumeneko ndi kuseka kwanga kwa chaka chathunthu."

"Ndiye ituluka, bambo?"

"Ndisindikiza madzulo ano. Mawa tauni ikaseka, kangodya ka tsamba lachitatu kakhala kako sabata iliyonse. Ikapanda kuseka, ndibwezerapo mitengo ya nkhumba."

Nelda adathokoza natuluka. Pamwamba pa pepalalo padali mutu wakuti "Nyemba za Chitonthozo", ndipo pansi pa mutuwo padali dzina lake lonse. Adaliwerenga mobwerezabwereza mpaka kufika kusukulu.

Pachipata adapeza mnzake Maxine, mwana wa wometa tsitsi, akudya apozi. Maxine adamutsomphola pepalalo ndi kuyamba kuwerenga mokweza.

"'Imfa imafika pakhomo kamodzi, koma nyemba zimafika Lachiwiri lililonse. Bambo anga adapita kukapuma. Ife otsala tidapatsidwa nyemba. Tsiku lina imodzi idagwa pansi, ndipo amayi adanyamuka kukaona amene akugogoda.'"

Maxine adatsamwa ndi apozi uja, natsokomola, koma sadasiye.

"'Galu wathu adazinunkhiza kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo Lachiwiri amakagona kwa abusa. Ndikhulupirira kuti pa tsiku lomaliza, miyala ikadzasungunuka, nyemba za mayi wina wa mumsewu mwathu zidzafunikabe kanthawi pamoto.'"

"Iwe Nelda, kumwamba sukalowa," adatero Maxine akupukuta misozi. "Mayi Ziegler akudya wamoyo."

"Sindinatchule dzina la munthu."

"Dzina la chiyani? Mu Corvin muno mphika wabulauni umene umawoloka msewu Lachiwiri ndi umodzi. Ndi wa positi yemwe amaudziwa. Mawa kwathu kometera tsitsi adzaiwerenga mokweza. Lamulungu kutchalitchi palibe amene adzayang'ane abusa, onse maso adzakhala pa mayiwo. Usasinthe kanthu, ndi yokoma."

Belu lidalira. Nelda adapinda pepalalo nalilowetsa m'thumba la juzi. M'kalasi mphunzitsi adachita kumuitana mobwereza asanayankhe.

2. Mbale siibwerera yopanda kanthu

Bambo ake a Nelda adamwalira ndi chibayo kumayambiriro kwa nyengo yozizira. Monga zimakhalira maliro akagwa, amayi a mumsewu adabweretsa zakudya m'mbale zawo, aliyense atalemba dzina pa kapulasitala kunsi kwa mbale. Mbale yotere siibwerera yopanda kanthu, ndiponso satuma mwana kukaibweza. Mayi wa panyumba amaikamo kanthu, amapita nayo yekha, n'kukhala pang'ono kumwa khofi.

Mbale zonse zidabwerera kwa eni ake mwezi usanathe. Udatsala mphika umodzi. Mayi Ziegler, mayi wamasiye wachikulire wa tsidya la msewu, ankabwera nawo Lachiwiri lililonse uli ndi nyemba zophika mu uvuni ndi manyuchi, zopserera pamwamba, zolimba pakati. Lachinayi Mayi Burkhart, amayi a Nelda, ankaubweza uli ndi masikono. Lachiwiri linalo unkabweranso. Chipale chofewa cha nyengo yozizira chidagwa, chidasungunuka, mitengo idayamba kuphuka, mphikawo ukungowoloka.

Masana a Lachinayi lija Nelda adapita kunyumba kukadya. Makatani adali otseka monga masiku onse. Chimwalirire amuna awo, Mayi Burkhart adali atasiya kwaya, kugolosale ankatuma Nelda, ndipo za kutchalitchi ankati adzayamba kukafunda. Koma m'khitchini munkanunkhira masikono, tsitsi lawo lidali lopesa, ndipo chipewa chawo chidali pa tebulo pambali pa mphika wabulauni.

Adapemphera, nayamba kudya. Mayi Burkhart adakankhira sikono yopsa bwino kwa mwana wawo, iwo n'kutenga yopserera kunsi.

"Amayi, kodi Mayi Ziegler amawerenga nyuzipepala?"

"Yonse, mpaka mitengo ya nkhumba. Bwanji?"

"Palibe. Ndimangoganiza kuti munthu atalembamo nthabwala ya nyemba zawo, angamve bwanji."

"Munthu wake uti?"

"Munthu chabe."

Mayi Burkhart adaika foloko pansi ndi kumuyang'ana.

"Nelda, lilime limeneli unatengera bambo ako. Ankatiseketsa pa tebulo pano mpaka chakudya kuzizira, ndipo ine ndimayamika Mulungu kuti mphatsoyo sinapite nawo kumanda. Koma bambo ako anali ndi lamulo lawo. Ankaseka munthu ali pomwepo, woti angathe kubweza. Ankaseka meya, ankaseka abusa, ankadziseka okha kuposa onse. Sindinawamvepo akuseka munthu chifukwa cha chinthu chimene munthuyo watipatsa.

"Zimene timanena m'khitchini muno zimathera m'khitchini muno, chifukwa pano timaseka tikumukonda munthuyo, ndipo tonse timadziwa. Zikatuluka pakhomo apo, chikondicho chimatsalira, imapita nthabwala yokha. Anthu amene angaseke kunjako sanaonepo mayi uja akuwoloka pa chipale ndi mwendo wawo wotupa, mphika atakulunga m'thawulo kuti usazizire. Iwo angangoseka nkhalamba. Sindikukufunsa kuti wachita chiyani. Ndikungokuuza mmene bambo ako ankachitira."

Nelda adanyema sikono yake, koma sadaidye.

"Amayi, lero mphika ndikabweze ndine."

"Satuma mwana."

"Simunanditume. Ndili nawo mawu."

Dzanja la Mayi Burkhart lidali litafika kale pa chipewa. Lidakhala pomwepo kanthawi, kenako lidabwerera.

"Chabwino. Ndatopanso ine," adatero. Adavula epuloni, nakakhala pa mpando wa malemu amuna awo m'chipinda chochezera, muja mosalowa dzuwa.

3. Tsidya la msewu

Pakhonde la Mayi Ziegler, Nelda adaima, natsinzina. Pemphero lake lidali lalifupi: "Ambuye, musandilole kuthawa." Kenako adagogoda.

Mayi Ziegler adatsegula msanga, ngati munthu amene amadikira kuseri kwa chitseko. Adali mayi wamfupi wonenepa, woyendera ndodo. Sadayang'ane Nelda. Adayang'ana pamwamba pa phewa lake, kunyumba ya tsidya.

"Mayi ako adwala?"

"Ayi, ali bwino."

"Nanga mphika ukutani m'manja mwako?"

"Ndalemba nkhani, mayi. Ituluka mawa m'nyuzipepala. Ndi ya inu. Ndati muimve kwa ine musanaimve kwa ena."

"Ya ine? Ndaba chiyani? Lowa, ukundilowetsera mphepo. Khala apo. Osati apo, umenewo ndi wa mayi ako. Apo."

Mpando umene adamukaniza udali pafupi ndi mbaula, ndipo padali kapilo. Pa tebulo padali makapu awiri otsuka bwino. Nelda adakhala pa benchi, natulutsa pepala lija.

Adawerenga yonse osadumpha mzere. Nthabwala zimene zidatsamwitsa Maxine zidatuluka zouma. Atafika pa galu, Mayi Ziegler adaphulika kuseka pang'ono kudzera m'mphuno.

"N'chifukwa chake chimandithawa chigalu chimenechi," adatero.

Pambuyo pake sadasekenso. Nelda atamaliza, khofi adali akubwata pa mbaula. Mayi Ziegler ankazunguza kapu yopanda kanthu pa tebulo.

"Umalemba bwino," adatero potsiriza. "Bambo ako akanaseka, kenako akanakutuma kudzapepesa."

"Pepani, mayi."

"Dikira kaye ndi pepani wakoyo. Kuti nyemba zanga n'zolimba si nkhani yatsopano, mwanawe. Malemu amuna anga ankati ndinapangana ndi dokotala wa mano. Ndikanadziwa kuphika china ndikanaphika, koma manja awa anakulira m'fakitale yosoka malaya, osati m'khitchini. Anthu akandiseka zindiwawa, ndisakunamize. Ndikhala kumbuyo kutchalitchi mwezi umodzi kapena iwiri, kenako wina achita chake chopusa, andiiwala. Za ine zisiye.

"Tsopano mvera. Amuna anga atamwalira, mbale zinadzaza nyumba ino. Sabata yoyamba anthu anali pikitipikiti. Nditabweza mbale yomaliza, pakhomo panangoti zii. Panalibenso munthu amene ndinali ndi chinthu chake. Ndinatseka makatani amenewa, ndipo anatsegulidwa chaka chitatha. Zimene ndinkaganiza m'chaka chimenecho sindingauze mwana.

"Mayi ako ndinawaitana kudzacheza, anakana. Abusa anawaitana ku kwaya, anakana. Koma ndi munthu wosunga mwambo. Mphika wa mwini sangausunge nthawi yaitali m'nyumba, ndipo sangaubweze wopanda kanthu. Ndiye Lachinayi amadzuka, amayatsa uvuni, amapesa tsitsi, amavala chipewa, amawoloka. Amakhala pa mpando uwo. Masiku ena amalira, masiku ena timangokamba za utsi wa malasha. Sabata yatha anaseka. Iwe sunamve, unali kusukulu.

"Mawa nkhani yako ikatuluka, mphika uwu ukhala nthabwala ya tauni yonse. Mayi ako akadzaunyamula, makatani onse mumsewu muno adzagwedezeka. Ukuwadziwa mayi ako. Sadzawolokanso, chifukwa cha manyazi a zimene mwana wawo wandichita. Inenso sindidzakhala ndi chogogodera pakhomo panu. Mulungu anakupatsa maso akuthwa, mwanawe, ndipo nyemba unaziona bwino. Chipewa cha mayi ako sunachione. Sindikukuuza chochita, nkhaniyo ndi yako. Koma usadzati sunadziwe."

Nelda adapinda pepala lija pang'onopang'ono. Adanyamuka kuti azipita.

"Mphikawo nyamula," adatero Mayi Ziegler.

"Ndi wanu, mayi. Muli masikono."

"Ndikumva fungo. Ukawauze mayi ako kuti ndati mphika wanga ndimalandira m'manja mwa mayi wa panyumba, osati mwa mwana wa sukulu. Khofi ndimusiya pamoto." Adamutsegulira chitseko, namukonzera kolala ya juzi imene idapindika. "Ndipo uziyenda ndi mpango. Kukuzizirabe."

Nelda atatuluka, belu la masana lidamveka kusukulu. Adayang'ana kwawo, kuja kotseka makatani. Akadalowa, mayi ake akadafunsa zambiri, ndipo dzuwa lidali litayamba kale kupendeka. Adakumbatira mphika uja, nalunjika m'tauni.

4. Pempho

Bambo Pruitt adali atawerama pa tebulo, akumanga tsamba lachitatu m'felemu yachitsulo. Adadzutsa mutu, naona mphika.

"Ngati muli nyemba zija, tuluka nazo."

"Ndi masikono, bambo."

"Ndiye wabwera ndi chiphuphu. Ika apa."

"Si anu. Ndabwera kudzapempha kuti nkhani ija isatuluke."

Bambo Pruitt adatenga kansalu ndi kupukuta zala zawo, chimodzichimodzi.

"Wakuopseza ndani?"

"Palibe."

"Mayi wa nyembayo wadandaula?"

"Sanadandaule. Akuti ndimalemba bwino."

"Muli bodza m'nkhanimo?"

"Mulibe."

"Nanga vuto n'chiyani?"

"Zikukhudza amayi anga. Zambiri sindinganene, si zanga."

Bambo Pruitt adakhala pa mpando wawo wautali, navula magalasi.

"Mtsikana iwe, ndimvere, chifukwa izi kusukulu sakuuzani. Palibe wolemba amene sapondapo phazi la munthu. Ukalemba za msewu wokumbika, wokonza misewu akwiya. Ukalemba za ukwati, amene sunamutchule akwiya. M'tauni muno muli anthu amene sandipatsa moni chithere nkhondo, ndipo ine tulo ndimagona. Ukayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha chilolezo, udzathera kulemba za mvula, ndipo mvulayo alimi adzakutsutsa.

"Pakhomo apo palowa ana ambiri ndi ndakatulo za maluwa. Woseketsa walowapo mmodzi, ndiwe. Nkhani ngati iyi siibwera tsiku lililonse, ndipo mkonzi wa mumzinda waukulu ataiona angafunse kuti mwanayu ndani. Ukaichotsa lero, mawa udzachotsa ina. Ukadzakalamba udzakhala mayi uja woseketsa anzake potsuka mbale pamaliro, amene anthu amati akanatha kukhala wolemba. Ndawaona oterowo, ndipo si osangalala. Kangodya kaja ndinalonjeza chifukwa cha nkhani iyi, osati chifukwa cha nkhope yako. Ganiza bwino. Ndifunsa kamodzi. Ituluke kapena isatuluke?"

Nelda adayang'ana m'felemu muja. Nkhani yake idali momwemo, mizere yamtovu yosanjikizana bwino, zilembo zake zili chotembenuka monga zimakhalira zisanadinde. Dzina lake adalizindikirabe. Mphika udali utazizira m'manja mwake, ndipo mikono inkamuwawa.

"Isatuluke, bambo."

Bambo Pruitt sadakalipe. Adavalanso magalasi, namasula felemu, nanyamula nkhani yonse pa thireyi yachitsulo. Adakaiika patsogolo pa bokosi lalikulu losungiramo zilembo, lokhala ndi tizipinda tambirimbiri.

"Ine ndinaima pano dzulo lonse kusanja. Kumasula umasula wekha. Chilembo chilichonse chibwerere m'kachipinda kake. Ukasokoneza, sabata yamawa tauni iwerenga zamisala."

Adachotsa pa msomali mapepala amene Nelda adalembapo nkhaniyo ndi dzanja, namubwezera. Kenako adamuponyera epuloni yawo yakale kuti asadetse diresi la kusukulu, ndipo poona kuti bokosi lamutalikira, adamukankhira kreti ndi phazi kuti aimepo.

5. Malo oyera

Nelda adayambira kumapeto. Ankatsina mawu amodzi, kuwawerenga chotembenuka, n'kugwetsa zilembo zake chimodzichimodzi, chilichonse kwawo. Miyala ya tsiku lomaliza idapita. Galu adapita, abusa adapita. Zala zake zidada bii, ndipo msana udayamba kuuma. Bambo Pruitt ankathira mafuta m'makina. Kamodzi kokha adati, "Kumanzere," osacheuka n'komwe, ndipo Nelda adabweza dzanja lake.

Ana a sukulu atayamba kudutsa poweruka, Maxine adasuzumira pakhomo.

"Uli kuno? Aphunzitsi amakufunsa. Ndati nyemba zakugwira m'mimba." Adayandikira, naona thireyi ili pafupi kutha. "Ukutani iwe?"

"Ndikuimasula."

"Nkhani ija? Ine ndauza kale bambo anga kuti mawa agule nyuzipepala ziwiri. Wapenga?"

"Mwina. Ukawauze kuti sikutuluka, ndipo zimene unawerenga zija zithere mwa iwe. Ndikukupempha, Maxine."

Maxine adamuyang'ana kumaso, ndipo nthabwala imene idali pakamwa pake adaimeza.

"Chabwino. China?"

"Mphika uwo ukapereke kwa amayi anga. Ukawauze kuti Mayi Ziegler aukana. Akuti amalandira m'manja mwa mayi wa panyumba, ndipo khofi ali pamoto. Uthamange, kusanade."

"Wandisandutsa wa positi tsopano," adatero Maxine. Adanyamula mphikawo, nauvundukula, nanunkhiza. "Nditatenga sikono imodzi sangaone."

"Aona."

Maxine adavundikira, natuluka. Nelda adamuona pawindo akuyamba kuthamanga, mphika ataupanira pachifuwa.

Mzere womaliza kumasula udali uja woyamba, wa imfa ndi Lachiwiri. Utatha, Nelda adatsika pa kreti. Adatenga mapepala ake aja pamodzi ndi lija loyesera, natsegula kachitseko ka mbaula, naponyamo. Bambo Pruitt adapeza chochita kuseri kwa makina mpaka moto udatsika.

"Ndamaliza, bambo. Zikomo. Pepani chifukwa cha ntchito yanu ya dzulo."

Adayamba kumasula zingwe za epuloni.

"Ukupita kuti?" adafunsa Bambo Pruitt. "Bwera uone."

Adamulozera m'felemu. Pamene padali nkhani yake padatsala dzenje lalitali, kuyambira pamwamba pa tsamba mpaka pakati. Pamutu pa dzenjelo padali mzere umodzi wamtovu. Lidali dzina lake.

"Mwaiwala kuchotsa," adatero Nelda.

"Sindiiwala ine. Mitengo ya nkhumba ndaika kale pa tsamba lachinayi, ndipo china choikapo ndilibe. Dzenjeli wakumba ndiwe. Sitima yamadzulo ikalira pa mlatho, ndiyatsa makina. Ukandipatsa nkhani yoseketsa, ndisanja mzere ndi mzere uku ukulemba, ndipo za kangodya kaja tikambirananso. Ukapanda kundipatsa, ndisindikiza dzina lako pamwamba pa malo oyera. Mawa tauni yonse izifunsa kuti mwana wa Burkhart analemba chiyani choti n'kuchichotsa, ndipo funso limenelo likathera pakhomo pa mayi ako."

Nelda adayang'ananso dzenje lija.

"Zimenezo n'zankhanza, bambo."

"Ndi ntchito. Wandionetsa kuti umatha kuchotsa. Sunandionetse kuti umatha kulemba kachiwiri."

Adamuikira pepala loyera ndi pensulo pa tebulo, pafupi ndi windo pomwe padali kuwala. Nelda adamanganso epuloni, nakhala. Pogwira pepalalo, chala chake chidasiyapo chidindo chakuda.

"Ulemba za ndani?" adafunsa Bambo Pruitt.

"Sindikudziwa."

"Yamba kudziwa."

Nelda adalemba mawu awiri, nawafufuta. Adalembanso ena, nawafufutanso. Pomwepo sitima idalira chapatali, ndipo pensulo idamupulumuka, nigubuduka pansi.

Bambo Pruitt adaitola, naisongola ndi kampeni kawo, namubwezera.

"Imeneyo ndi sitima ya malasha, si yamadzulo ija," adatero. "Yotsatirayo ndi yathu."